Momwe mungaphunzitsire AI pa digiri yoyamba kudzera m'mapulojekiti

Wophunzira akhoza kumaliza kosi ya AI, phunziro la kupanga makompyuta ochita zinthu zofuna nzeru, mayeso n'kukhoza bwinobwino, koma osatha kuyankha funso ili: pulogalamu wapangayi ikugwiradi ntchito, ndipo wadziwa bwanji? Mukamufunsa amakulozerani nambala imodzi pa sikirini, 97 kapena 99 peresenti. Mukafunsanso kuti nambalayo yachokera kuti, deta anaigawa motani, nanga ndi zinthu ziti zimene pulogalamuyo ikuphonya, amangoti kukamwa yasa. Malangizowa ndikulembera aphunzitsi anzanga a ku yunivesite amene akufuna kuti ophunzira awo azitha kuyankha funso limeneli. Pulojekiti ingawafikitse kumeneko, koma osati pulojekiti yongopereka sabata yoyamba n'kudzailandira sabata yomaliza. Ntchito yaikulu ya mphunzitsi ili pa kuyeza kukula kwa vuto ndi kuika malo amene ophunzira aziima n'kuonetsa umboni wa zimene akunena.

Kaphunzitsidwe kameneka si ka dzulodzuloli. William Kilpatrick analemba za iko mu 1918. Sukulu ya zaudokotala ya pa McMaster ku Canada inayamba mu 1969 kuphunzitsa poyambira pa mavuto enieni, ndipo yunivesite ya Aalborg ku Denmark, imene inatsegulidwa mu 1974, imapatula pafupifupi theka la semesita kuti ikhale ya pulojekiti ya pagulu. Inu mwina mwayi wotero mulibe. Muli ndi kosi imodzi ya masabata 13 kapena 14, ndipo zili m'munsizi ndazikonza ndikuganizira kosi yotero.

Yambani ndi zimene wophunzira adzathe kuchita

Musanaganize n'komwe za mitu ya mapulojekiti, lembani pa pepala limodzi zinthu zimene mukufuna wophunzira aliyense adzathe kuchita yekha kosi ikamatha. Pewani mawu ngati "kumvetsa" kapena "kudziwa", chifukwa zimenezo simungazione ndi maso. Lembani zooneka: kutenga vuto lonenedwa m'mawu wamba n'kulikonza kuti kompyuta ithe kugwirapo ntchito, kusankha njira imodzi pakati pa ziwiri n'kunena chifukwa chake, kuyeza zotsatira mosadzinamiza, kufotokoza pamene pulogalamu yalephera ndi amene angapwetekeke nako kulepherako. Zikapitirira zisanu mwachulutsa. Pepala limeneli ndi limene lidzakuuzeni mapulojekiti oyenera kuvomera, ndipo pogawa malikisi mudzabwereranso kwa ilo.

Kenako fufuzani zimene ophunzira abwera nazo. M'kaundula mwalembedwa kuti onse anaphunzira kale Python, probability ndi linear algebra, koma zolembedwa ndi zimene munthu angachite atakhala pa kompyuta n'zosiyana. Sabata yoyamba apatseni kantchito ka maola awiri mu labu: atsegule fayilo ya deta, apeze avereji, ajambule galafu, alembe function yodziitana yokha. Malikisi musapereke. Ingoyendani pakati pawo n'kumaona amene wakakamira pati. Amene avutika akonzereni labu yapadera m'masabata atatu oyamba. Mukapanda kutero adzabisala m'magulu mpaka semesita kutha, akugwira ntchito yokongoletsa masilaidi basi.

Timapulojekiti titatu tisanafike pa yaikulu

Masabata asanu kapena asanu ndi limodzi oyamba akhale a ntchito zing'onozing'ono zimene ophunzira azichita awiriawiri, inu mutawalembera kale mbali yotopetsa ya code, monga yojambula pa sikirini ndi yowerenga mafayilo. Iwo alembe mtima wake wokha wa algorithm.

Yoyamba ikhale ya kufufuza njira. Masewera a 8-puzzle ndi oyenera kwambiri: kabokosi ka malo 9, timatabwa 8 ta manambala, ndipo umasuntha kathabwa kamodzi nthawi imodzi mpaka manambala atandandalikana bwino. Kuchokera pa kaikidwe kalikonse ungafike pa makaikidwe 181,440, chiwerengero chimene laputopu wamba imatha kuchiyendera chonse. Ayambe ndi breadth-first search, njira yoyesa makaikidwe onse apafupi isanapite patali, kenako alembe A*, njira imene Peter Hart, Nils Nilsson ndi Bertram Raphael anasindikiza mu 1968 akugwira ntchito pa loboti yotchedwa Shakey ku Stanford Research Institute. Apatseni ma heuristic awiri, ndiko kuti njira zoyerekezera kutalika kwa ulendo wotsala kufika pa yankho: woyamba kuwerenga timatabwa timene tili pamalo olakwika, wachiwiri kuphatikiza masitepe amene kathabwa kalikonse katsala nawo kuti kafike kwawo. Chofunika si kupeza yankho, pakuti njira zonse zitatu zilipeza. Auzeni awerenge makaikidwe amene njira iliyonse yatsegula isanafike pa yankho, alembe manambalawo m'tebulo. Akaona okha kusiyana kwa manambala atatuwo, tanthauzo la heuristic silidzafunikanso kuloweza. Pamapeto asinthe nambala imodzi mu code kuti bokosi likhale la timatabwa 15, limene makaikidwe ake amaposa 10 thiriliyoni, ayendetsenso breadth-first search pa kaikidwe kosokonezeka bwino. Musawachenjeze. Asiyeni amve fani ya laputopu ikulira, aone memory ikudzaza, mbewa ya kompyuta itasiya kuyenda. Mphindi zisanu zimenezo zimaphunzitsa kukula kwa vuto kuposa ola lathunthu la pa bolodi.

Yachiwiri ikhale ya masewera a anthu awiri. Tic-tac-toe ndi yabwino pa tsiku loyamba la minimax, njira yosankha mayendedwe poganiza kuti mdani nayenso asankha omukomera kwambiri, koma ndi yaing'ono kwambiri, malo ake ovomerezeka ndi 5,478 okha, choncho kompyuta imaona mpaka kumapeto popanda kusankha poimira. Apititseni ku Connect Four, kumene ayenera kudula pakati mtengo wa masewera (nthambi za mayendedwe onse otheka) n'kulemba okha njira yoyezera amene zikumuyendera. Awonjezere alpha-beta, njira yodumpha nthambi zimene sizingasinthe yankho, imene mayendedwe akasanjidwa bwino imalola kuona pafupifupi kawiri kuya kwake m'nthawi yofanana. Muwauze kuti Deep Blue, kompyuta imene inagonjetsa katswiri wa chesi Garry Kasparov mu 1997, inkadalira mfundo yomweyi pa makina opangidwira chesi. Ola lomaliza pikisanitsani mapulogalamu awo. Ngati mulibe nthawi yokonza zanuzanu, mapulojekiti a Pac-Man amene John DeNero ndi Dan Klein anakonza ku yunivesite ya California ku Berkeley alipo aulere, ndipo ndi okonzedwa bwino kwambiri. Dziwani chabe kuti mayankho ake ali mbwee pa intaneti, choncho sinthani kena kake ndipo muzifunsa mafunso a pakamwa.

Yachitatu ikhale ya kuphunzira kuchokera ku deta. Nkhokwe ya deta yotchedwa MNIST ili ndi zithunzi 70,000 za manambala olembedwa pamanja, chilichonse cha mapikiselo 28 m'litali ndi 28 m'lifupi, 60,000 zophunzitsira ndi 10,000 zoyesera. Alembe okha njira imodzi yosavuta ndi NumPy, kaya k-nearest neighbours kaya perceptron ya Frank Rosenblatt ya 1958, kenako mpamene agwiritse ntchito scikit-learn kapena PyTorch. Akafika pamwamba pa 95 peresenti n'kuyamba kusangalala, agawireni mapepala. Aliyense alembe manambala 0 mpaka 9 ndi cholembera chake, ajambule ndi foni, alowetse mu model, pulogalamu imene aiphunzitsa ija. Kawirikawiri zotsatira zimagwa. Zithunzi za MNIST ndi zolemba zoyera pa malo akuda, zoikidwa pakatikati, pamene zawo ndi inki yopyapyala pa pepala loyera lokhala ndi mthunzi wa dzanja. Kufufuza chimene chagwetsa nambalayo ndiye phunziro la sabata imeneyo, ndipo lidzawathandiza pa ntchito iliyonse imene adzagwire.

Pali aphunzitsi amene amadumpha ntchito ziwiri zoyambazo n'kuthamangira ku ma neural network, ma model otengera pang'ono kalumikizidwe ka ubongo, chifukwa ndi amene ali m'kamwam'kamwa. Ine sindigwirizana nazo. Mu A* ndi minimax wophunzira amatha kutsatira sitepe iliyonse ndi pensulo n'kuloza pamene palakwika. Chizolowezi chofuna chifukwa chimayambira pamenepo, ndipo akafika pa ma model amene m'kati mwake simuoneka amakhala nacho kale.

Kusankha pulojekiti yaikulu

Ophunzira amayamba ndi maloto aakulu, ndipo si iwo okha. Mu 1955 John McCarthy, Marvin Minsky, Nathaniel Rochester ndi Claude Shannon analemba pempho la msonkhano wa ku Dartmouth wa 1956, kumene dzina la phunziroli linakhazikika. Anapempha miyezi iwiri ndi anthu khumi, ali ndi chiyembekezo choti apita patsogolo kwambiri pa nkhani yoti makina azigwiritsa ntchito chilankhulo ndi kuthetsa mavuto amene anthu okha ndiwo ankatha. Zina mwa zimenezo zatenga zaka zoposa 60. Nkhaniyi muwauze ophunzira tsiku limene mukulandira maganizo awo, pakuti gulu lina libwera likufuna kupanga galimoto yodziyendetsa yokha m'masabata asanu ndi awiri.

Gulu lililonse lilembe tsamba limodzi lokha. Linene vuto m'ziganizo ziwiri, linene amene angagwiritse ntchito yankho lake, deta ili kuti, kupambana adzakuyeza ndi chiyani, ndi njira yosavutitsitsa imene adzayerekezere nayo ntchito yawo. Ligawenso zolinga zake patatu: chimene ayenera kumaliza zivute zitani, chimene akuyembekezera, ndi chimene angachite nthawi itatsala. Choyambacho chikhale chaching'ono moti chingathe m'masabata awiri.

Pa deta musanyengerere. Pulojekiti imene deta yake gulu likuti lidzapatsidwa ndi kampani ina, kapena lidzatolera lokha mwezi wamawa, musaivomere. Fodya ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Aonetseni khomo la UCI Machine Learning Repository, imene yakhala ikusunga deta kuyambira 1987, kapena Kaggle, ndipo pa tsiku lovomereza atsegule fayiloyo inu mukuona, akuuzeni kuti ili ndi mizere ingati ndipo yoperewera ndi ingati. Ngati deta ikukhudza anthu, monga nkhope, mawu, mbiri ya matenda kapena mauthenga a pa foni, funsani ngati eni ake analola, ndipo tsatirani malamulo a komiti yoona za kafukufuku pa yunivesite yanu. Chilolezo chotere chimachedwa kutuluka, ndiye pa kosi ya semesita imodzi ndi bwino kungogwiritsa ntchito deta imene inatulutsidwa kale poyera.

Onaninso mphamvu ya makina. Muyezo wanga ndi wakuti model ithe kuphunzitsidwa pasanathe ola limodzi pa laputopu kapena pa Google Colab yaulere, imene imadula ntchito ikatalika. Gulu limene kuyesa kumodzi kumalitengera usiku wonse lidzayesa zinthu zochepa kwambiri, ndipo munthu amaphunzira poyesa kambirimbiri. Amene akufuna maloboti ayambe pa simulator. Mawaya, mabatire ndi masensa zimadya masabata, ndipo mapeto ake kosi ya AI imasanduka ya kulumikiza mawaya. Ofuna reinforcement learning, kumene pulogalamu imaphunzira poyesa n'kulandira mphoto, ayambe ndi Q-learning, njira ya Christopher Watkins ya 1989, pa kabwalo kakang'ono ka mu Gymnasium, asanakhumbire masewera a pa vidiyo.

Magulu

Anthu atatu, akachuluka anayi. Pa asanu, mmodzi amasowa chochita ndipo sadandaula. Musaike wodziwa kwambiri ndi ovutika kwambiri gulu limodzi poganiza kuti awaphunzitsa, chifukwa chimene chimachitika n'chakuti amalemba zonse yekha usiku. Ndi bwino kuphatikiza oyandikana mphamvu, ndipo magulu ofookerapo muziwapatsa nthawi yanu yambiri.

Gulu lililonse likhale ndi malo ake pa GitHub kapena pena paliponse pamene Git, chida chosunga mbiri ya zosintha pa code, imagwira ntchito, inu mukhale ndi mwayi woonamo, ndipo aliyense azitumiza ntchito ndi dzina lake. Mbiri ya Git siinena zonse, popeza awiri akhoza kulembera pa kompyuta imodzi, koma munthu akatha masabata atatu osaonekamo mumadziwa msanga. Maudindo azisinthana, kuti amene anakonza deta sabata ino adzayendetse zoyesa sabata yamawa.

Baseline ndi deta yoyesera

Apa mpamene pagona kosi yonse, ndipo ngati nthawi yakucheperani dulani kwina konse koma pano ayi.

Sabata yoyamba ya pulojekiti yaikulu musalole gulu lililonse kukhudza neural network. Ntchito yawo ndi kupanga baseline, njira yopanda nzeru n'komwe imene chilichonse chimene adzapange chiyenera kuiposa. Titenge gulu limene lasankha kusiyanitsa mauthenga achinyengo ndi enieni pogwiritsa ntchito SMS Spam Collection ya ku UCI. Muli mauthenga 5,574, ndipo 747 okha ndiwo achinyengo. Pulogalamu ya mzere umodzi imene imangoyankha kuti "weniweni" pa uthenga uliwonse ipeza pafupifupi 87 peresenti, osagwira wachinyengo ngakhale umodzi. Gulu likadziwa zimenezi, 90 peresenti imasiya kuoneka ngati chipambano. Kenako ayese njira yosavuta yeniyeni, monga naive Bayes kapena logistic regression, imene imaphunzira m'masekondi ochepa. Nthawi zambiri njira yoteroyo imafika pafupi kwambiri ndi model yaikulu, ndipo wophunzira amayenera kufotokoza ngati phindu laling'ono lotsalalo likuyenerana ndi mtengo wake.

Kuchokera apo aphunzitseni kusiya nambala imodzi ija. Ajambule confusion matrix, tebulo loonetsa zimene model yakhoza ndi zimene yasokoneza pa mtundu uliwonse, n'kuiwerenga mokweza m'mawu wamba: mwa mauthenga achinyengo, tagwira angati ndipo angati atipulumuka? Mwa amene tawatcha achinyengo, angati analidi achinyengo ndipo angati anali osalakwa? Funso loyamba ndiye recall, lachiwiri precision. Afunseni kuti kulakwitsa koipa kwambiri n'kuti kwa munthu amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo. Pa mauthenga, kutaya uthenga weniweni wofunika kukhoza kupweteka kuposa kulola wachinyengo umodzi kudutsa. Pa kuyeza matenda zikhoza kutembenuka. Yankho lake silichokera m'masamu, ndipo ophunzira ayenera kulilemba okha mu lipoti.

Deta igawidwe patatu: yophunzitsira, yosinthira makonzedwe a model, ndi yoyesera komaliza. Gawo lachitatulo litengeni inu, mulisunge, mudzalibweze sabata yomaliza kuti aliyendetse kamodzi kokha. Sikuti mukuwaganizira zoipa. Munthu aliyense akamaona zotsatira za deta yoyesera tsiku ndi tsiku amayamba kusintha model kuti isangalatse deta imeneyo, iye osazindikira, ndipo nambala imakwera pamene luso lenileni la model lili pomwepo.

Konzekeraninso tsiku limene gulu lina lidzabwere likumwetulira ndi 99.8 peresenti pa vuto lovuta. Musawauze kuti alakwitsa. Khalani nawo pansi, afunseni momwe anagawira deta. Nthawi zambiri mupeza kuti mayankho anadontha kulowa m'gawo lophunzitsira. Mwina mizere ina inabwerezedwa ndipo ili mbali zonse ziwiri. Mwina zithunzi za wodwala mmodzi zina zili kophunzitsira zina koyesera, moti model yaphunzira kuzindikira munthuyo m'malo mwa matendawo. Mwina anasakaniza deta ya masiku motsatizana, ndiye model ikulosera za Lachiwiri itaona kale za Lolemba ndi za Lachitatu. Mwinanso anapeza avereji pa deta yonse asanaigawe. Akakonza, nambala idzatsika ndipo nkhope zidzagwa. Auzeni pomwepo, mosabisa, kuti nambala yotsikayo ndi imene idzawapatse malikisi, ndipo alembe nkhani ya kudonthako mu lipoti monga chimodzi mwa zimene apeza.

Chomaliza pa gawoli ndi kuwerenga zolakwa. Gulu lisindikize zitsanzo 50 zimene model yaphonya, liziyale pa tebulo, liziike m'magulumagulu ndi manja. Ambiri amaiona ngati ntchito yotsika, komatu maganizo abwino okonzera model amachokera pamenepa. Ngati deta ikukhudza anthu, ayezenso zotsatira pa gulu lililonse la anthu palokha. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu a makampani odziwika ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna a khungu loyera kulakwitsa sikunapitirire 0.8 peresenti, pamene pa akazi a khungu lakuda kunafika 34.7 peresenti. Avereji ya onse inkabisa zimenezo. Nkhani ya chilungamo musaisungire phunziro lapadera la sabata yomaliza. Ilowe m'tebulo la zotsatira la gulu lililonse.

Sabata ndi sabata

Kumanani ndi gulu lililonse mphindi 15 pa sabata, pa nthawi yosasintha. Mafunso ndi omwewo nthawi zonse: mwayesa chiyani, mwapeza chiyani, muyesa chiyani kenako ndipo mukuyembekezera kuona chiyani? Lomalizalo alembe asanayese, kuti azolowere kuyerekeza zimene ankaganiza ndi zimene zachitika. Muzisankha inu woyankha, asamangolankhula yemweyo. Manja anu asakhudze kiyibodi yawo. N'zoona kuti vuto lawo mukhoza kulikonza m'mphindi ziwiri, koma mukatero sabata yamawa adzabwera ndi lina kuti muwakonzerenso.

Gulu lisunge kabuku ka zoyesa: tsiku, chimene asintha, nambala imene yatuluka, ndi ndemanga ya mzere umodzi. Zimene zalephera zilembedwenso. Auzeninso kuti choyesa chofunika achiyendetse kangapo ndi random seed yosiyana (nambala imene kompyuta imayambira posankha zinthu mwachisawawa), popeza kusiyana kwa theka la peresenti pakati pa ma model awiri kukhoza kukhala mwayi chabe.

Maphunziro a m'kalasi musawasiye, koma afupikitseni ndipo muwabweretse pa nthawi imene akufunika. Overfitting, pamene model yangoloweza deta yophunzitsira n'kumalephera pa yatsopano, imamveka bwino sabata imene magulu atatu akumana nayo. Popeza gulu lililonse limazama pa njira imodzi yokha, sungani maola angapo a mitu imene mapulojekiti sakuikhudza, monga logic, Bayesian networks kapena kukonza dongosolo la ntchito, kuti wina asatuluke akuganiza kuti AI yonse ndi chinthu chimodzi chimene gulu lake linachita.

ChatGPT ndi anzake, komanso kagawidwe ka malikisi

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatuluka, code yoyenda bwino yasiya kukhala umboni wakuti munthu waphunzira. Kuletsa zida zimenezi pa kosi ya AI n'kovuta kulondola, ndiponso n'kosamveka. Ikani lamulo lomveka kuyambira tsiku loyamba. Pa timapulojekiti tating'ono tija mtima wa algorithm alembe okha. Pa pulojekiti yaikulu akhoza kuthandizidwa, koma alembe kuti anathandizidwa pati, ndipo mzere uliwonse umene ali nawo akhale okonzeka kuufotokoza. Mapulogalamu amene amati amazindikira zolembedwa ndi makina musawadalire poweruza mlandu wa wophunzira, amalakwitsa mbali zonse ziwiri.

Chimene chimagwira ntchito ndi mayeso a pakamwa, munthu mmodzimmodzi, mphindi khumi. Tsegulani code ya gulu lake, lozani function imodzi, mufunse chimene ikuchita. Kenako mufunse chimene chingachitike mutachotsa mzere wakuti, kapena deta yophunzitsira itachepa ndi theka. Amene anagwira ntchito amayankha ngakhale mokayikira, ndipo nthawi zambiri amayamba kukuuzani za tsiku limene chinthucho chinawavuta. Amene sanagwire amadziwika pa funso lachiwiri. Kalasi ikakula, gawanani ndi othandizira anu, koma mafunso ndi muyezo mugwirizane pasadakhale.

Kagawidwe kamene ndingakulangizeni ndi aka, ngakhale mukhoza kukasintha molingana ndi malamulo a dipatimenti yanu: 30 peresenti timapulojekiti tating'ono, 35 lipoti ndi code za gulu, 25 mayeso a pakamwa, 10 kabuku ka zoyesa. Mukaphatikiza muona kuti mbali yaikulu munthu sangaipeze pobisala kumbuyo kwa anzake. Mu lipoti, malikisi apite ku kafotokozedwe ka vuto, baseline, kagawidwe ka deta, kuwerenga zolakwa ndi kuona mtima ponena zimene model singathe. Kukwera kwa nambala pakokha kukhale ndi malikisi ochepa, ndipo lembani mu muyezo wanu kuti gulu limene laonetsa ndi umboni kuti njira yawo yovuta sinapose baseline likhoza kupeza malikisi apamwamba. Muyezowo agawireni sabata yoyamba. Ophunzira amalimbikira chimene akudziwa kuti chili ndi malikisi.

Masabata awiri omaliza

Kutatsala masabata awiri, magulu asinthane ntchito. Gulu lililonse litenge code ya anzawo, litsatire README (fayilo ya malangizo) yokha popanda kufunsa eni ake, liyese kutulutsa manambala amene alembedwa mu lipoti. Ambiri adzalephera pa sitepe yoyamba: fayilo ili pa laputopu ya munthu mmodzi, library ndi ya mtundu wina, kapena ma cell a mu Jupyter anayendetsedwa mosatsatana. Alembe zimene zawavuta, eni ake akonze. Ikatha ntchito imeneyi mpamene mubweze deta yoyesera ija.

Pa tsiku loonetsa, gulu lililonse lipatsidwe mphindi khumi, ndipo liyenera kuonetsa chitsanzo chimodzi chimene pulogalamu yawo ikuchita bwino ndi china chimene ikulephera, n'kufotokoza chifukwa chake. Lolani omvera kubweretsa zitsanzo zawo zoti ayese pomwepo. Akhalenso ndi vidiyo yaifupi yojambuliratu, kuti intaneti ikavuta ntchito ya masabata asanu ndi awiri isaweruzidwe ndi netiweki.

Mukamaliza kuchonga, musanaiwale, lembani tsamba limodzi la inu mwini: mitu imene inakula mopitirira, deta imene inali ndi mavuto obisika, sabata imene magulu ambiri anakakamira. Pemphani magulu awiri kapena atatu chilolezo chosunga malipoti awo, makamaka amene anapeza kudontha kwa deta n'kukulemba bwino, kuti mudzawawerengetse kalasi ya chaka chamawa sabata imene akulemba tsamba lawo la pempho.